Mayeso a unzika ndi gwero la malamulo a dziko la Britain

  Tiyesetsa kuti tisakusungeni mpaka dzuwa kulowa, ngakhale nkhani yake ndi yotalikirapo.

Tikambirana za mayeso aja otchedwa Life in the UK, amene munthu amayenera kukhoza asanapatsidwe chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, chija timangoti ILR, kapenanso unzika wa dziko lino. Mayesowa anayamba mu Novembala 2005 kwa anthu ofuna unzika, ndipo mu Epulo 2007 boma linawafikitsanso kwa ofuna ILR. Mafunso ndi 24, nthawi ndi mphindi 45, ndipo kuti mukhoze muyenera kupeza 18. Mumalemba pa kompyuta, mayankho amakupatsani, inu n'kungosankhapo. Kulemba kamodzi ndi £50. Mukalephera mumalembetsanso, n'kulipiranso £50 ina. Ana osakwana zaka 18 komanso akuluakulu amene afika zaka 65 salemba. Mukakhoza kamodzi ndi basi, zotsatira zake sizitha ntchito: zimene munagwiritsa ntchito pofunsira ILR ndi zomwezo mudzagwiritse ntchito pofunsira unzika.

£50 imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi zimene zili kutsogolo kwake. Mu Epulo 2025 mtengo wofunsira ILR unafika pa £3,029 munthu mmodzi, ndipo wa unzika unafika pa £1,605, osawerengera £130 ya mwambo wolumbira. Bambo, mayi ndi ana awiri, werengani nokha. Ndipo akakukanani ndalamazo sizibwerera. N'chifukwa chake sitifuna kuti wina wa ife azitenge mwachibwana.

Pambali pa mayesowa palinso za Chingerezi. Apa ambiri timadandaula, ndipo kudandaulako n'komveka. Tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulaimale, tinakwapulidwa chifukwa choyankhula Chichewa m'kalasi, JC ndi MSCE tinalemba m'Chingerezi, koma Malawi, Zambia ndi Zimbabwe sizili pa mndandanda wa Home Office wa mayiko amene anthu ake amawatenga kuti amayankhula kale Chingerezi. Choncho satifiketi ya MSCE sikupulumutsani. Pamafunika mayeso ovomerezeka a kuyankhula ndi kumva, kapena digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi imene yatsimikizidwa. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Amene mwatsegulapo buku la mayesowa mukudziwa kuti muli zinthu zina zoseketsa. Muli kutalika kwa London Eye. Muli munthu amene anatsegula lesitilanti yoyamba ya zakudya za Chimwenye ku London mu 1810. Muli akazi asanu ndi mmodzi a Henry VIII ndi mmene aliyense anathera. Anzathu achizungu amene timagwira nawo ntchito tikawafunsa mafunso amenewa pa nthawi ya tiyi, ambiri amangokanda m'mutu. Ngakhale komiti ina ya House of Lords mu 2022 inadzudzula mayesowa kuti adzaza ndi tinthu topanda pake. Zimenezo lowezani, mukhoze, mukaiwala palibe amene adzakufunseni.

Koma muli gawo limodzi m'bukumo limene tikupemphani kuti musangoloweza ayi, mulimvetse. Ndi gawo lonena za boma, malamulo ndi udindo wanu. Mafunso ake amakhala otere: kodi malamulo oyendetsera dziko la Britain analembedwa m'buku limodzi, zoona kapena zabodza? Kodi amapanga malamulo ndani? Kodi mfumu ili ndi mphamvu yanji? Kodi majaji angachite chiyani boma likaphwanya lamulo? Mafunso amenewa akuoneka ngati a m'kalasi, koma mayankho ake ndi amene amafotokoza chifukwa chimene viza yanu ingasinthire malamulo inu muli mtulo, ndiponso kumene mungathawire bwana akakudyerani masuku pamutu.

Tiyambe ndi kwathu, poti ndi kumene tikukudziwa. Ku Malawi tili ndi buku limodzi la malamulo oyendetsera dziko, konsitityushoni. Linabwera pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, linayamba kugwira ntchito mongoyembekezera mu Meyi 1994 ndipo linakhazikika mu 1995. Ndime 5 ya bukuli imanena momveka kuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana ndi bukuli chilibe mphamvu. Ndiye kuti bukuli lili pamwamba pa Pulezidenti, pamwamba pa aphungu, pamwamba pa apolisi. Ndipo izi taziona ndi maso. Mukukumbukira vakabu? Munthu ukuyenda m'bandakucha kupita kukapikula katundu, apolisi n'kukugwira ati ukuoneka wokayikitsa. Wogeni wina wa ku Blantyre anakadandaula, ndipo mu Januwale 2017 High Court inagamula kuti ndime imeneyo ya Penal Code ikutsutsana ndi konsitityushoni, n'kuithetsa. Majaji anafafaniza lamulo limene linakhala m'mabuku kuyambira nthawi ya atsamunda. Mwina simudziwa kuti lamulo la vakabulo linachokera kuno komwe, linatengera lamulo la ku England la mu 1824.

Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha Pulezidenti cha mu Meyi 2019, khoti la apilo linagwirizana nawo, ndipo anthu anavotanso pa 23 Juni. Ambiri a ife tinazitsatira pa foni tili kuno, ena tili pa ntchito, chigamulo chikuwerengedwa tsiku lonse. Komanso bukulo silisinthidwa mwachisawawa. Pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, ndipo ndime zina zimafuna riferendamu. Amene mwakulako mukukumbukira mu Julayi 2002, pamene bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a Pulezidenti inagwa m'Nyumba ya Malamulo. Aphungu oifuna anali ambiri kuposa oikana, koma sanakwane magawo awiri mwa atatu aja.

Tsono zonsezi muzisiye pakhomo polowa m'chipinda cha mayeso, chifukwa kuno zinthu sizili choncho. Britain ilibe buku limodzi lotere. Akakufunsani, yankho ndi lakuti malamulo oyendetsera dziko lino ndi osalembedwa. Mawu amenewa amasokoneza anthu. Sakutanthauza kuti palibe cholembedwa, kapena kuti dziko likuyenda mwachisawawa. Akutanthauza kuti zinthuzo zinamwazikana: zina zili m'malamulo amene Nyumba ya Malamulo inapanga pa zaka mazanamazana, zina zili m'zigamulo za makhoti, ndipo zina ndi mwambo chabe umene aliyense amautsata ngakhale palibe pamene unalembedwa ngati lamulo. Ife a kumudzi izi siziyenera kutivuta. Za ufumu, za manda, za malire a minda, ndani analemba? Koma akuluakulu amadziwa kuti mlandu wakutiwakuti unagamulidwa motere nthawi ya agogo, ndipo mfumu ikalumpha mwambo anthu amaiuza.

Zaka zimene buku limakuuzani kuti muloweze zikuonetsa mmene mphamvu zinachokera m'manja mwa mfumu pang'onopang'ono. Mu 1215 nduna ndi eni malo anakakamiza Mfumu John kuvomera chikalata cha Magna Carta pamalo otchedwa Runnymede. Mfundo yake yaikulu inali yakuti mfumu nayonso ili pansi pa lamulo, ndipo munthu asamangidwe popanda kuweruzidwa mwalamulo. Pa chikalata chonsecho ndime zitatu zokha ndi zimene zikadali lamulo mpaka lero, koma musachidelere, tibwererako posachedwa. Charles I anafuna kulamulira ndi kutolera misonkho popanda Nyumba ya Malamulo, kunabuka nkhondo yapachiweniweni, ndipo mu 1649 anamudula mutu. Mu 1679 kunabwera Habeas Corpus Act, lamulo lakuti munthu akatsekeredwa, womutsekerayo akhoza kuitanidwa kukhoti kuti akafotokoze chifukwa chake, ndipo chifukwacho chikapanda kumveka munthuyo atulutsidwe. Mu 1772 njira imeneyi inapulumutsa kapolo wina wochokera ku Africa, James Somerset, amene mbuye wake anamutsekera m'sitima yapamadzi ku London kuti akamugulitse ku Jamaica. Jaji Mansfield analamula kuti amasulidwe. Kenaka mu 1689 kunabwera Bill of Rights, imene inakhazikitsa kuti mfumu singaike msonkho kapena kuimitsa lamulo popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo.

Kuchokera pamenepo, amene ali pamwamba pa zonse m'dziko lino ndi Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster. Kwathu pamwamba pali buku, kuno pamwamba pali nyumba. Nyumbayi ili ndi zigawo ziwiri. House of Commons ili ndi aphungu 650 osankhidwa ndi anthu. A mu House of Lords savoteredwa ndi anthu, ntchito yawo ndi kuunika mabilu ndi kuwabweza kuti akonzedwe, koma kuyambira ndi malamulo a mu 1911 ndi 1949 angathe kungochedwetsa bilu, sangaikanize mpaka kalekale ngati a Commons aumirira. Bilu ikadutsa konseko imapita kwa mfumu kuti ivomereze. Funso limabwera: kodi Mfumu Charles III ingakane? Mwambo sulola. Womaliza kukana bilu anali Mfumukazi Anne mu 1708. Mfumu ndi mutu wa dziko koma siilamulira, imatsata malangizo a nduna, ndipo nduna yaikulu imakhala mtsogoleri wa chipani chimene chili ndi aphungu okwanira kuyendetsa Commons. Palibe chisankho chapadera cha nduna yaikulu ngati mmene timasankhira Pulezidenti. N'chifukwa chake mu 2022 dziko lino linakhala ndi nduna zazikulu zitatu, a Johnson, a Truss ndi a Sunak, popanda chisankho cha dziko lonse.

Ndipo kusintha lamulo lililonse kuno, ngakhale lalikulu bwanji, sikufuna magawo awiri mwa atatu. Ovomera akangoposa okana, zatha. Mu 2011 anapanga lamulo lakuti chisankho chizichitika pa tsiku lokhazikika zaka zisanu zilizonse. Mu 2022 Nyumba yomweyo inalichotsa ngati lamulo wamba.

Nanga makhoti ntchito yawo n'chiyani? Apa ndi pamene tikufuna mumvetsetse, chifukwa pali kusiyana pakati pa boma ndi Nyumba ya Malamulo. Boma, kutanthauza nduna ndi maofesi awo monga Home Office, lili pansi pa lamulo ngati inu ndi ife. Nduna ikachita chinthu chimene lamulo silinailole, khoti limachithetsa. Pa 24 Seputembala 2019 majaji 11 a Supreme Court anagamula onse pamodzi kuti nduna yaikulu Boris Johnson anaphwanya lamulo potseka Nyumba ya Malamulo kwa milungu isanu pa nthawi ya mkangano wa Brexit. M'mawa mwake aphungu anabwerera m'mipando yawo.

Chitsanzo chimene chikutikhudza ife apantchito ndi ichi. Mu 2013 boma linaika ndalama zolipira munthu akafuna kukasuma ku khoti la za ntchito, lija amati employment tribunal. Mlandu wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo kapena wa tsankho unkafuna mpaka £1,200. Ganizirani mayi wogwira ntchito ya keya amene bwana wamubera malipiro a milungu iwiri. Alipire ndalama kuti akatenge ndalama zake zomwe? Ambiri anangozisiya, ndipo milandu inatsika kwambiri. Bungwe la apantchito la UNISON linatengera boma kukhoti, linagonja m'makhoti a m'munsi, koma silinatope. Mu Julayi 2017 Supreme Court inagamula kuti ndalamazo zinali zosaloleka chifukwa zinkatsekereza anthu kupeza chilungamo, ndipo m'chigamulomo majaji anatchula Magna Carta yomwe ija ya mu 1215, pamene imalonjeza kuti chilungamo sichidzagulitsidwa kapena kumanidwa kwa wina aliyense. Boma linasiya kutolera ndalamazo ndipo linabweza kwa amene analipira. Mwaona? Chikalata cha zaka 800 chinathandiza woyeretsa m'maofesi ndi wosamalira nkhalamba. Ndiye mukamaloweza 1215 muzidziwa kuti chakachi chili ndi ntchito.

Tinenenso pomwepa kuti malamulo a malipiro otsikitsitsa, a tchuthi, a tsankho, safunsa mtundu wa pasipoti yanu. Ndipo palibe bwana kapena ejenti amene ali ndi ufulu wokulandani pasipoti n'kukana kukubwezerani. Tikudziwa kuti ambiri amaopa kuyankhula chifukwa viza yawo inamangiriridwa kwa bwana yemweyo amene akuwazunza. Mantha amenewo si opusa. Koma bwerani tikambirane kaye musanaganize kuti palibe chochita.

Tsopano malire a makhoti. M'milandu iwiri tatchulayi makhoti anatsutsa zochita za nduna. Koma lamulo limene Nyumba ya Malamulo yapanga, jaji wa kuno sangalifafanize ngati mmene majaji athu anachitira ndi vakabu. Pali Human Rights Act ya mu 1998, imene inalowetsa m'malamulo a kuno pangano la ku Ulaya la ufulu wachibadwidwe. Khoti likaona kuti lamulo lina likuphwanya ufulu umenewu, limangolengeza kuti pali kutsutsana, basi. Lamulolo limakhalabe likugwira ntchito mpaka aphungu atalisintha okha. Mu Disembala 2004 majaji akuluakulu analengeza zotere pa lamulo lolola kutsekera anthu akunja ku ndende ya Belmarsh popanda kuwazenga mlandu, ati linali la tsankho poti linkakhudza alendo okha. Anthuwo sanatuluke tsiku lomwelo. Anadikira mpaka mu Malichi 2005 pamene aphungu anabweretsa lamulo lina. Nthawi zambiri boma limamvera kulengeza kotere, koma silikakamizidwa.

Nkhani ya Rwanda ndiyo inaonetsa poyera. Mu Novembala 2023 Supreme Court inati n'kosaloleka kutumiza ofuna chitetezo ku Rwanda chifukwa panali chiopsezo chakuti angabwezedwe kumene anathawa. Boma silinagonje. Linapita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mu Epulo 2024 kunatuluka lamulo lolamula makhoti kuti azitenga Rwanda ngati dziko lotetezeka. Chimene chinathetsa ndondomekoyo si khoti ayi, koma chisankho cha mu Julayi 2024, pamene boma latsopano linaitaya. Ife tikuona kuti apa dongosolo la kwathu lili ndi ubwino wake, ngakhale tili osauka, chifukwa munthu wopanda mphamvu amakhala ndi buku loti aloze. Azungu amayankha kuti dongosolo lawo lakhala zaka zambiri osagwa, ndipo limasintha mosavuta nthawi ikasintha. Nazonso ndi zoona. Koma kusintha mosavutako kumapweteka amene ali kunsonga ya nthambi, ndipo kunsongako kuli ife.

Taonani mmene malamulo a maviza amapangidwira. Lamulo lalikulu ndi Immigration Act ya mu 1971, ndipo limapatsa nduna ya Home Office mphamvu yolemba malamulo ang'onoang'ono otchedwa Immigration Rules. Nduna ikafuna kusintha imangokapereka chikalata ku Nyumba ya Malamulo. Aphungu ali ndi masiku 40 oti akane, ndipo sikawirikawiri kukana. Sipafunika bilu, nthawi zambiri sipakhalanso kuvota. Umu ndi mmene pa 11 Malichi 2024 ogwira ntchito ya keya obwera kumene analetsedwera kubwera ndi akazi, amuna kapena ana awo. Umu ndi mmenenso mu Julayi 2025 khomo lolembera anthu a keya kuchokera kunja linatsekedwera. Mu Meyi 2025 boma linalengeza maganizo akuti nthawi yodikira ILR ichoke pa zaka zisanu ifike pa khumi, kuti Chingerezi chofunika chikwere, ndiponso kuti mayeso omwe tikukambawa akonzedwenso. Mu Novembala chaka chomwecho linatulutsa chikalata chofunsa maganizo a anthu, chimene chinatchula zaka 15 kwa ogwira ntchito zina monga za keya. Lamulo limene lidzakuweruzeni ndi limene likugwira ntchito pa nthawi imene mukufunsira, osati limene linalipo pamene munatsika ndege ku Heathrow. Choncho zimene anakuuzani msuweni amene anatenga mapepala ake mu 2015 musazidalire, onani pa gov.uk mlungu womwewo umene mukutumiza fomu. Ndipo amene zaka zanu zakwana kale, mayeso asakhale chinthu chokuchedwetsani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Poti mphamvu zili ndi aphungu, kuli bwino kudziwa kuti ambiri a ife tili ndi voti ngakhale tisanatenge unzika. Buku limanenanso zimenezi, ndipo funso lake limabwera. Nzika za mayiko a Commonwealth zimene zili ndi chilolezo chokhala kuno zimaloledwa kuvota pa zisankho zonse, kuphatikizapo cha aphungu. Malawi ndi Zambia zili momwemo, Mozambique inalowa mu 1995, ndipo abale a ku Zimbabwe, ngakhale dziko lawo linatuluka mu 2003, lamulo la kuno limawawerengabe pa nkhani ya voti. Mnzanu wa ku Poland kapena ku Philippines amene mumagwira naye shifiti sangavotere phungu, koma inu mungathe. Muyenera kungolembetsa ku khonsolo ya kwanuko, ndipo popita kukavotera phungu mutenge chiphaso chokhala ndi chithunzi, pasipoti ya kwathu imaloledwa. Phungu wa dera lanu amakhala ndi masiku okumana ndi anthu ake, ndipo ofesi yake ikhoza kulembera Home Office kufunsa za fomu imene yakhalitsa osayankhidwa. Salipiritsa, ndiponso safuna kuti mumutengere nkhuku.

Chinanso chimene chimagwetsa anthu pa mayeso ndi kuiwala kuti dziko lino ndi mayiko anayi. Kuyambira cha m'ma 1999 Scotland, Wales ndi Northern Ireland zili ndi nyumba zawo za malamulo zimene zimayendetsa za maphunziro, zaumoyo ndi zina, pamene za maviza ndi unzika zinatsala ku Westminster. Scotland ili ndi makhoti ndi malamulo akeake kuyambira kale. Gulu la anthu wamba oweruza mlandu, lija amati jury, limakhala la anthu 12 ku England, Wales ndi Northern Ireland, koma 15 ku Scotland. Funso limeneli amalikonda. Kusiyanaku kumafika mpaka m'nyumba zathu. Ku Scotland kuyambira mu Novembala 2020 ndi ku Wales kuyambira mu Malichi 2022, kumenya mwana, ngakhale kambama kamodzi, ndi mlandu. Ku England lamulo silinafike pamenepo, koma mwana akapezeka ndi zipsera kusukulu, a social services amafika pakhomo. Ife tinakulira mkwapulo ndipo ena timati unatithandiza. Kuno ungakutayitseni ana, ntchito ya keya, ndi unzika womwe, chifukwa pofunsira unzika amaunikanso mbiri ya khalidwe lanu.

Za kukonzekera tinene mwachidule. Gulani buku lenileni la Home Office, lotchedwa Life in the United Kingdom: A Guide for New Residents, ndipo muonetsetse kuti ndi losindikizidwa posachedwa. Bukuli ndi la mu 2013 koma akhala akulikonza. Lakale limene likuyendayenda m'nyumba zathu likunenabe za Mfumukazi Elizabeth, amene anamwalira mu Seputembala 2022, ndiponso likuti Britain ili mu European Union, pamene inatuluka pa 31 Januwale 2020. Mafunso oyeserera a pa foni ndi othandiza, koma si amene mukawapeze, ndiye werengani bukulo lonse kawiri kapena katatu. Lembetsani pa gov.uk pokha, kusanatsale masiku atatu. Dzina limene mwalemba polembetsa lifanane ndendende ndi la pa chiphaso chimene mudzatenge. Ife timakhala ndi mayina ambiri, la ubatizo, la kumudzi, la bambo, la mwamuna. Mukasiya limodzi kapena kulemba mosiyana amakubwezani pakhomo, ndipo £50 yapita.

Alipo anthu amene amayendayenda m'magulu a WhatsApp kunena kuti mukawapatsa ndalama akulemberani mayeso, kapena akupatsani kachipangizo kam'khutu kokuuzani mayankho. Chonde, abale, atalikireni. Mu 2014 BBC itaulula chinyengo pa mayeso ena a Chingerezi otchedwa TOEIC, Home Office inalanda maviza a anthu zikwi zambiri, ndipo ena mwa iwo anakhala zaka akulimbana m'makhoti kuti atsimikize kuti sanabere. Chinyengo chikadziwika chimawononga fomu imene muli nayo ndi zina zam'tsogolo, ndipo ngakhale unzika utaperekedwa kale, lamulo la mu 1981 limalola nduna kuulanda ngati unapezeka mwachinyengo. Mafunso 24 osankha mayankho si oti munthu amene anakhoza Geography ya Fomu 4 n'kuikira moyo wake pachiswe.

Ena amatifunsa kuti, kodi ndikatenga pasipoti ya kuno ndiye kuti ndataya kwathu? Britain simaletsa unzika wa mayiko awiri. Kale vuto linali kwathu, koma mu Disembala 2018 aphungu a ku Malawi anasintha lamulo kuti mbadwa ya Malawi ikhoza kukhalanso nzika ya dziko lina, ndipo Zambia inalola zomwezo mu 2016. Sizingochitika zokha, pali mafomu ake ku Immigration, ndiye funsani ku ofesi ya kazembe wathu ku London. Nkhaniyi ndi yofunika kwa amene muli ndi malo kapena nyumba kumudzi. Pa mwambo wolandira unzika mumalonjeza kukhulupirika kwa mfumu ndi kusunga malamulo a dziko lino. Amene chipembedzo chanu sichilola kulumbira m'dzina la Mulungu, pali mawu ena ongotsimikiza, ndipo mphamvu yake ndi imodzimodzi. Komanso amene mukufuna unzika muziwerenga masiku amene mwakhala kunja: asapitirire 450 pa zaka zisanu, ndiponso asapitirire 90 m'chaka chomaliza. Maliro awiri ndi chinkhoswe chimodzi, masikuwo amachuluka osadziwa.

Ife odzipereka pano tikhoza kukuthandizani kuwerenga, kulembetsa mayeso ndi kukuuzani zimene zalembedwa poyera. Koma kukulangizani pa nkhani yanuyanu ya viza lamulo silitilola, pokhapokha munthu atakhala loya kapena wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, imene mpaka mu Januwale 2025 inkatchedwa OISC. Wina akamakulipiritsani kuti akulembereni mafomu, kaya ndi wa kumpingo kaya ndi wa kumudzi kwanu, mufunseni nambala yake yolembetsera ndipo mukaione pa intaneti. Safunsa anadya phula.

Amene mukufuna kulowa m'gulu lowerengera limodzi, lembani dzina ndi masiku amene simuli pa shifiti papepala limene lili pa tebulo la tiyi kumbuyoko. Tili ndi mabuku ochepa obwereketsa, ndipo tiyamba ndi gawo la boma ndi malamulo lomweli, mbiri ya mafumu tidzaiona pambuyo. A wapampando, tabweza mawu kwa inu kuti anthu afunse mafunso.